Mtukula Pakhomo: mayi kwa Mwansambo akuti ndalama sizikubwera, tingadziwe bwanji popanda intaneti?

Nachisale_Dwangwa:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ziwiri zapakhomo, ndipo ndikudziwa kuti muno muli a ku Nkhotakota ambiri amene zoterezi munaziona kale.

Ine ndimasoka pa Dwangwa, makina anga ali pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika. Mayi anga ali kumudzi kwa Mwansambo, kutali ndi tala. Ndi okalamba ndithu, miyendo imatupa, maso sakuonanso bwino, ndipo akulera ana atatu a malemu achemwali anga. Wamkulu ndi mtsikana wa Sitandade 7, wachiwiri ali Sitandade 3, wotsiriza akadali ku mkombaphala. Mayi ali pa Mtukula Pakhomo. Kale ankapita okha kukalandira pamanja pabwalo la sukulu atanyamula kabuku kawo, ndipo tsiku likakwana mudzi wonse unkadziwa, panalibe chobisika. Pano ndalama zimabwera pafoni. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo nthawi zambiri sigona m'nyumba mwawo chifukwa mulibe potchajira. Imakhala kwa msuweni wanga amene ali ndi kasola padenga, komanso kwawoko ndi kumtunda, netiweki imagwirako. Ndiye amawaonera mauthenga, ndiyenso amakawatapira.

Tsopano mayi akuti papita nthawi osaona kalikonse. Ufa watha, akungodalira timbatata ndi chigwada. Ndikamuimbira msuweniyo amangoti "sizinalowe, achemwali." Sindikufuna kumuganizira zoipa, ndi mwana amene anatigwira mkono kwambiri pamaliro, koma sindingangokhala chete ana akugona ndi njala. Kuchoka Dwangwa kukafika kumudziko ndi minibasi kenako kabaza wa njinga yamoto, ndipo ndalama ya ulendo wopita ndi kubwera ndi yoti ndikanawagulira nayo chimanga. Kumudziko palibe wa foni ya intaneti amene ndingamudalire. Kodi pali njira yoti mayi eni ake, kapena ineyo ndili kuno, tidziwe ngati ndalama zatuluka kapena ayi?

Yachiwiri ndi ya azakhali anga kwa Mwadzama, chakufupi ndi Benga. Ndi amasiye, zaka zawo sizinafike 60, amalima okha. Ali ndi mwana wamwamuna wamkulu amene amagwa khunyu, sangasiyidwe yekha pafupi ndi moto kapena kunyanja, kuphatikizapo zidzukulu zitatu zimene mayi wawo anazisiya n'kupita ku Joni. Kunabwera anthu a matabuleti, anawafunsa mafunso ambiri, anaona nyumba, analemba. Kuchokera pamenepo zii. Azakhali amangodziwa kuti "ndinalembedwa," ndipo mwezi uliwonse amayembekezera. Sabata yatha wina wawaimbira pafoni ya mnzawo kuti dzina lawo latuluka, atumize K5,000 yoti awamalizitsire fomu. Ndawauza kuti adikire kaye. Ndithandizeni, achimwene ndi achemwali.

Mwale_wa_ku_Chia:

Mayi Nachisale, pepani ndi zimenezi. Ine ndinakhalapo mu komiti ya Mtukula Pakhomo kuno kwathu, choncho ndiyankhe za azakhali anu. Za foni ndiwasiyire anyamata, iwo ndiwo amazidziwa bwino.

Choyamba, K5,000 ija asatumize. Palibe fomu ya Mtukula Pakhomo imene imagulidwa, ndipo dzina silituluka kudzera mwa munthu wosadziwika woimba foni. Ameneyo ndi wakuba basi.

Kulembedwa ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pamene ndinaona anthu ambiri akusweka mtima. Anthu a matabuleti aja nthawi zambiri amakhala akulemba kaundula wa boma wotchedwa UBR. Kaundulayu si wa Mtukula Pakhomo wokha. Amalemba makomo ambirimbiri, amafunsa za denga, za pansi pa nyumba, za chimbudzi, ziweto, munda, amene amadwaladwala, ana amene ali pasukulu. Mayankhowo amakalowa mu kompyuta, ndipo kompyutayo imasanja makomo kuyambira osaukitsitsa mpaka opezako bwino. Mu kaundula yemweyo ndi mmene amatengamo mayina a Mtukula Pakhomo, komanso a ntchito zija anthu amalipidwa akakumba maswale ndi kudzala mitengo. Ndiye munthu atha kulembedwa bwinobwino koma osalowa pena paliponse.

Mtukula Pakhomo unayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 unali utafika m'maboma onse 28. Kuyambira kale umatenga makomo pafupifupi 10 pa 100 alionse, osati osauka onse. Pakhomo payenera kupezeka zinthu ziwiri nthawi imodzi. China ndi umphawi wadzaoneni, woti kudya kamodzi patsiku ndiye moyo wake ndipo palibe katundu wogulitsa. Chinacho ndi kusowa wogwira ntchito: pakhomo palibe munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, kapena alipo koma mmodzi akusenza anthu oposa atatu. Mayi anu kwa Mwansambo analowa chifukwa cha njira yoyambayo, nkhalamba ndi ana okhaokha. Azakhali anu ndi amphamvu, koma werengani amene akuwasenza: mwana wodwalayo ndi zidzukulu zitatu, anthu anayi. Ngati analembedwa momwemo, mbali imeneyi akuikwaniritsa. Koma ngati tsiku la kalembera mwana wa khunyuyo analembedwa ngati mwamuna wamphamvu wa pakhomo, kapena mayi wa ana uja wa ku Joni anawerengedwa ngati akukhala pomwepo, kompyuta inaona anthu amphamvu awiri kapena atatu. Zoterezi zimachitika kwambiri, chifukwa anthu athu amachita manyazi kutchula matenda kwa mlendo.

Tsono angadziwe bwanji? Mayina a osankhidwa amawerengedwa pamsonkhano wa pagulu, anthu akumva, kuti ngati pali wolowa molakwika kapena wotsala, anene. Kenako osankhidwawo amaitanidwa kukalembetsa, amatchula munthu wowalandirira akadwala, ndipo amapatsidwa chizindikiro chawo cha pologalamu. Ngati azakhali sanadutse pamenepa, ndiye kuti pakali pano sali m'gulu la olandira. Ndi bwino muwauze zoona kusiyana ndi kuti azikongola ufa kwa anthu podalira ndalama imene kulibe.

Koma asalekere pomwepo. Ayambire kwa wa komiti ya Mtukula Pakhomo wa m'dera lawo, amfumu awo amamudziwa. Akapanda kukhutira, afunse tsiku limene mlangizi wa zachisamaliro cha anthu amabwera kuderako. Pomaliza ndi ofesi ya Social Welfare pa boma, ku khonsolo. Anyamule chiphaso cha unzika chawo ndi buku la kuchipatala la mwana wodwalayo. Atchule dzina monga lilili pachiphaso, mudzi, gulupu ndi T/A, chifukwa azimayi ambiri kumudzi amadziwika ndi dzina la mfunda pamene kompyuta ili ndi lina. Afunse ngati pakhomo pawo pali mu kaundula, anthu angati analembedwapo, ndiponso ngati ali m'gulu la oyenera amene malo anawathera. Ngati pali cholakwika, apemphe kuti dandaulo lawo lilembedwe, osati kungoyankhidwa pakamwa. Sindikulonjeza kuti alowa mawa. Mayina amaunikidwanso pakapita zaka zingapo, ndipo ndi bwino nthawi imeneyo idzawapeze zolembedwa zawo zili zolondola.

Ejenti_pa_Mkaika:

Asisi, za foni zisakuvuteni, sizifuna intaneti ngakhale pang'ono. Ine ndimakhala m'kabokosi kanga pa Mkaika tsiku lonse, ndipo agogo ambiri olandira amadutsa pomwepa.

Foni ya mabatani ija ndi yokwanira. Ngati simu yawo ndi ya Airtel, aimbe *211#. Ngati ndi ya TNM, ndi *444# ya Mpamba. Pamatuluka mndandanda, asankhe pamene pali za akaunti yawo, kenako balansi, alowetse pini. Sipafunika bandulo, chongofunika ndi netiweki yoimbira foni ndi moto m'batire. Koma inu musangoona balansi yokha. Balansi ikakhala ziro siikuuzani ngati ndalama sizinabwere kapena zinabwera n'kutapidwa. Pomwepo palinso pamene pamaonetsa zimene zachitika posachedwa pa akauntiyo, timati mini statement. Imeneyo ndiye imanena zoona: zinalowa zingati, zinatuluka zingati. Munthu atha kufufuta uthenga m'foni, koma zimenezo sangazifufute.

Musathamangire kuweruza msuweni wanu chifukwa choti uthenga palibe. Timafoni ta mabatani timadzaza msanga ndi mauthenga otsatsa malonda, ndipo tikadzaza uthenga watsopano sulowa. Ndakhala ndikuona agogo akubwera akulira kuti anzanga alandira ine ayi, tikayang'ana ndalama zili phee mu akaunti. Ndiponso foni ikakhala yozima masiku ambiri, uthenga umatha kusochera koma ndalama sizisochera.

Zoti muonetsetse ndi izi. Simuyo ikhale yolembetsedwa m'dzina la mayi, ndi chiphaso chawo. Chiyambireni kulembetsa masimu mu 2018, simu iliyonse ili ndi mwini wake m'makina, ndipo ikatayika kapena pini ikatsekeka, amene angakonzetse ndi mwini dzinalo atanyamula chiphaso. Simu isakhalenso miyezi yambiri osagwira ntchito, imatha kutsekedwa. Aziimbirako foni mwa apo ndi apo ngakhale ndi mayunitsi ochepa. Ndipo asamayeseyese pini mongoganizira, mukalakwitsa kangapo motsatizana akaunti imatseka, ndiye ulendo wa ku shopu ya kampani wayamba.

Inuyo muli ku Dwangwa simungaone balansi ya mayi pafoni yanu, zimatheka pa simu yawo yokha. Chimene mungachite ndi kupangana nthawi, foni ikhale m'manja mwa mayi, mtsikana wa Sitandade 7 uja adine n'kukuwerengerani zimene zatuluka kudzera pafoni ya munthu wina. Mwana wa Sitandade 7 zimenezi amatha bwinobwino.

Za azakhali, a Mwale anena kale. Ndingowonjezera kuti akubawo ali ndi njira inanso. Amatumiza uthenga wooneka ngati wa kampani wonena kuti mwalandira ndalama, kenako amaimba kuti zalowa molakwika, bwezani. Kapena amati ndife a ku ofesi, tiuzeni pini kuti tikutsegulireni akaunti. Uthenga weniweni subwera ndi nambala ya foni ya munthu pamwamba, ndipo palibe wa kampani kapena wa boma amene amafunsa pini. Ngakhale ine ejenti sindiyenera kuidziwa. Ndimapereka foni kwa mwini wake kuti adine yekha, ine n'kuyang'ana kumbali.

Nagama_Lifuwu:

A Mwale mwafotokoza bwino, koma mwafotokoza za m'buku. Ine ndili ku Salima kuno, Mtukula Pakhomo unafika kale kwambiri kuposa maboma ambiri, ndipo tauona mbali zonse. Msonkhano wa pagulu mukunenawo, ndani angaimirire pamaso pa anthu n'kunena kuti uyu sayenera, pamene uyo ndi mlamu wa munthu amene mawa adzakuweruzani mlandu wa malire a munda? Anthu amangowomba m'manja n'kumakadandaulira kudambo.

Ndipo pali china chimene simunatchule. M'midzi ina wolandira amauzidwa kuti ndalamazi ndi za mudzi, agawane ndi ena amene sanalowe. Agogo anga aakazi, asanamwalire, ankabwera kolandira ali ndi theka lokha, theka lina litatsala m'njira. Sankadandaula chifukwa ankaopa kufufutidwa. Ndiye mayi Nachisale, mukamafufuza musangoyang'ana msuweni yekha. Afunseni mayi mwakachetechete, muli awiri, ngati pali wina aliyense amene amabwera kudzatenga kanthu ndalama zikalowa. Nkhalamba zathu zimabisa zambiri poopa kudanitsa anthu.

Za foni ine ndimazikonda chifukwa cha chimenechi. Pamanja aliyense ankaona kuti walandira, ndipo pobwerera unkapeza angongole akudikira pamphambano. Koma foniyo ikakhala m'thumba la wina, vuto limangochoka pabwalo n'kulowa m'banja.

Mwale_wa_ku_Chia:

Mayi Nagama, sindikukutsutsani, zimene mwanenazo ndinaziona ndi maso. N'chifukwa chake mafumu saloledwa kukhala mamembala a komiti ya Mtukula Pakhomo, ndipo mfumu ilibe mphamvu yofufuta dzina la munthu chifukwa wakana kugawana. Mndandanda uli ku khonsolo, suli kubwalo la mfumu. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo mantha awo ndi amene amadyetsa ena. Ngati munthu akuopa kulankhula pamsonkhano, pali makomiti a madandaulo m'madera, ndipo angathenso kudumpha onsewo n'kukaonana ndi a Social Welfare pa boma. Kugawanitsa ndalama za wolandira mokakamiza ndi nkhani yoti ifike kupolisi.

Pa funso la mayi Nachisale loti ndalama zatuluka kapena ayi, njira yachidule kuposa zonse ndi iyi: anthu a dera limodzi amalandira nthawi imodzi. Mayi anu amawadziwa anzawo amene ankakhala nawo pamzere pabwalo la sukulu paja. Atume mwana akafunse awiri kapena atatu. Ngati onse akuti sizinabwere, ndiye kuti dera lonse likudikira, ndipo zikachedwa choncho nthawi zambiri zimadzabwera zophatikiza ndi za miyezi yotsalira. Ngati anzawo alandira koma iwo ayi, pamenepo ndiye pali nkhani, kaya ya simu, kaya ya dzina, kaya ya munthu. Zikatero apite kwa wa komiti msanga kuti dandaulo lilembedwe, asadikire ulendo wina.

Aphunzitsi_Kanyenda:

Ndingowonjezerapo za ana asukulu, poti ndi zimene zimandikhudza. Ndalama ya Mtukula Pakhomo si yofanana pakhomo lililonse. Imakwera malinga ndi chiwerengero cha anthu, kuyambira pakhomo la munthu mmodzi mpaka la anthu anayi kapena kuposa, ndipo pamwamba pake pamabwera kena ka mwana aliyense amene ali pasukulu, wa sekondale amalandira yochulukirapo kuposa wa pulayimale. Mayi anu ali anayi pakhomo ndi ana awiri a pulayimale. Funsani wa komiti kuti pakhomo lotere liyenera kulandira zingati pamwezi, mulembe pachikuto cha kope la mtsikanayo. Mukadziwa nambala imeneyo, palibenso amene angakuuzeni kuti ulendo uno zabwera zochepa popanda chifukwa.

Mtsikanayo akadzasankhidwa kupita ku Fomu 1, kapena wamng'onoyo akadzayamba Sitandade 1, kauzeni komiti. Sizisintha zokha. Ife aphunzitsi timafunsidwa kutsimikiza kuti mwana alidi pasukulu, koma ngati banja silinanene kuti mwana wasamukira sukulu ina, dzina lake limafunidwa kumene kulibe.

Chinanso, anthu amasokoneza mindandanda. Chimanga cha nthawi ya njala chimene chimabwera kudzera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chili ndi mndandanda wake. Thandizo limene anthu analandira kuno madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024 linali la okhudzidwa ndi madziwo. Feteleza wotsika mtengo amadutsa kwa alangizi a zaulimi. Munthu atha kupezeka pa umodzi osapezeka pa unzake, ndiye azakhali akamafunsa atchule bwinobwino kuti akufunsa za chiyani. Mwinanso pamene akudikira za Mtukula Pakhomo angafunse za ntchito za maswale zija, poti iwo mphamvu ali nazo, ngati pangapezeke woyang'anira mwana wodwalayo m'mawa.

Ndipo musaiwale wailesi. Zolengeza za khonsolo zambiri zimamveka pa Nkhotakota Community Radio, anzathu a ku Salima ali ndi Chisomo. Mafoni ambiri a mabatani ali ndi wailesi m'kati, imangofuna mahedifoni. Kutchalitchi ndi kumzikiti nakonso amalengeza tsiku la misonkhano yotere.

Nachisale_Dwangwa:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera, komanso ndili ndi funso lina.

Ndinaimbira mayi ena a mvano a kumudziko amene ali ndi foni, ndipo anandilumikiza ndi mayi wa komiti. Iwo akuti dera lonse silinalandire ulendo uno, akudikira uthenga wa tsiku. Mtsikana uja anafunsanso agogo awiri oyandikana nawo, nawonso akuti sizinabwere. Ndiye apa msuweni wanga ananena zoona, ndipo mtima wanga unatsika.

Koma Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, mtsikanayo anakatenga foni kuti agogo ake akufuna kulankhula nane. Msuweniyo anabwera nayo yekha, chifukwa pini amaidziwa ndi iyeyo, mayi saidziwa n'komwe. Anadina pamaso pa onse, mwanayo n'kundiwerengera pafoni ya mayi a mvano aja. Ndalama imene inatapidwa ulendo watha ndi yochuluka kuposa imene mayi akuti analandira m'manja, kusiyana kwake K6,000. Nditamufunsa sanakane. Akuti ina inapita ku kabaza wopita kwa ejenti ndi kubwerera, ina ndi yodula potapa, ina ndi yotchajira foni miyezi yonseyi, chifukwa anthu ena akabwera kudzatchaja kwa iye amalipira. Sananene mwamwano. Ndipo kunena zoona, ulendo wopita kwa ejenti ndi wautali, amataya nawo tsiku la kumunda. Chimene chandipweteka n'chakuti mayi sankadziwa. K6,000 kwa iwo ndi sopo, mchere, makope ndi kanyama kamodzi ka ana.

Ndawafunsanso mayi zimene munanena, mayi Nagama. Akuti palibe amene amawalanda, koma amapereka kenakake okha kwa mnzawo wina wamasiye amene sanalowe. Zimenezo ndazisiya, ndi mtima wawo.

Mayi akundiletsa kuti ndisayambitse nkhani. Akuti iwe uli ku Dwangwa, ndikadwala usiku amene amandinyamula panjinga ndi yemweyu. Akunena zoona. Ndiye ndipange bwanji kuti pini ibwerere kwa mayi popanda kudula chibale? Maso awo saona manambala. Kodi mtsikanayu, wa zaka 13, angakhale wowalandirira?

Azakhali sanatumize ndalama ija. Munthuyo anaimbanso, atamuuza kuti abwere adzatenge yekha kwa amfumu anadula foni. Za mwana wodwala uja, azakhali akuti pa kalembera sanatchule za khunyu, monga munaganizira a Mwale. Akonza zopita kwa wa komiti ndi buku la kuchipatala.

Ejenti_pa_Mkaika:

Asisi, kusintha pini n'kosavuta ngati yakaleyo ikudziwika. Pa *211# kapena *444# pomwepo, pa za akaunti, pali posinthira pini: mulowetsa yakale, kenako yatsopano kawiri. Mphindi imodzi basi. Ngati msuweni atakana kutchula yakale, mayi apite okha ndi chiphaso chawo ku shopu ya kampani ya foniyo, akawakonzera. Pini yatsopano isakhale chaka chobadwa kapena 1234, ndipo isalembedwe kuseri kwa foni kapena pakapepala ka m'kati mwa batire, anthu onse amayang'ana pamenepo.

Maso asakudetseni nkhawa kwambiri. Pa mafoni ambiri a mabatani, batani la 5 lili ndi kachiphuphu koti chala chimamva. Ndili ndi agogo ena osaona bwino amene amadina pini yawo poyambira pamenepo, anangophunzitsidwa ndi mdzukulu masiku ochepa. Sankhani manambala oyandikana ndi 5 koma osatsatizana.

Za yodula potapa, ilipodi, koma mitengo yake imakhala yomata pakabokosi ka ejenti aliyense, ndipo imadulidwa m'foni momwemo, uthenga umaonetsa. Si ndalama yoti munthu achotse pa zimene wapatsidwa m'manja, ndipo ejenti sayenera kupempha ina yapadera pamwamba. Kutapa kamodzi zonse kumatchipa kusiyana ndi kutapa pang'onopang'ono.

Mwale_wa_ku_Chia:

Mayi Nachisale, mwana wa zaka 13 musamusenzetse zimenezo. Chiphaso cha unzika chimayambira zaka 16, ndipo kuyenda yekha ndi ndalama m'njira ya kutali si bwino kwa mtsikana. Iye akhale maso a agogo ake, aziwerenga uthenga ndi kulemba m'kope tsiku ndi ndalama imene yalowa. Kukatapa azipita wamkulu.

Mayi anu akunena zanzeru, musamutaye mnyamatayo. Ine ndikanakhala inu ndikanatuma amalume kapena mkulu wa mpingo kuti akhale nawo pansi, osati ngati mlandu, koma kupangana poyera. Ya kabaza ndi zakuti, yotchajira ndi zakuti pamwezi, ndipo mayi azipereka okha ndi dzanja lawo atalandira zonse. Mnyamatayo akhoza kupitiriza kuwaperekeza, koma tsiku lotapa mayi akwere nawo njinga, adine okha, awerengeredwe ndalama pamaso pa ejenti. Ngati miyendo yavuta, apite ndi mayi a mvano aja kapena agogo anzawo olandira, poti onse amapita tsiku limodzi ndipo kabaza angagawane.

Funsaninso mayi wa komitiyo kuti amene analembedwa ngati wowalandirira ndani. Mwina ndi malemu achemwali anu, ndipo dzinalo silinasinthidwe. Ngati ndi choncho, pali fomu yosinthira, komiti ndi mlangizi amathandiza kulemba, ndipo mayi anu ndi amene amatchula munthu amene akumufuna. Pomwepo muonetsetse kuti ana onse atatu alipo pa zolembedwa za pakhomopo, makamaka wamng'onoyo ngati anabwera kwa agogo ake kalembera atadutsa kale.

Chotsala ndi potchajira. Mukapeza kangachepe pa zosoka zanu, timasola tating'ono tokhala ndi nyali ndi potchajira foni tikupezeka m'masitolo a pa Dwangwa pomwepo. Mukatumiza kamodzi ndi munthu wopita kwa Mwansambo, foni izigona m'nyumba mwa mayi, ndipo mtsikanayo aziwerengera nyaliyo pokonzekera mayeso a Sitandade 8 chaka chamawa. Netiweki ikavuta azingokwera nayo kumtunda Loweruka lililonse kukaona balansi.

Azakhali akamapita, ngati n'kotheka atenge kalata ya kuchipatala kumene mwanayo amalandirira mankhwala, yonena kuti matendawo ndi okhalitsa ndipo sangagwire ntchito zolemetsa yekha. Nambala ya woimba uja aisunge, akaipereke kupolisi ya pafupi kapena kwa a komiti kuti achenjeze ena m'mudzimo.